Bowa: M'dziweni Kaye Musanatereke Mphika

Alimi anzanga, mvula ikagwa kawiri katatu nthaka n'kufewa, m'mbali mwa misewu yathu mumayamba kuoneka amayi ndi ana atanyamula mbale ndi malichero a bowa. Amene mwayendapo pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde, kapena wa Ntcheu mpaka Dedza, m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale mukudziwa zimene ndikunena. Iyi ndi nyengo imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndiwo zikusowa, ndipo bowa amatipulumutsa. Koma ndi nyengo yomweyinso imene timamva pa wailesi kuti banja lakutilakuti lagonekedwa m'chipatala, kapena kuti mudzi wina waika maliro awiri tsiku limodzi, kaamba ka ndiwo zomwezi.

Dzinja lathali mlimi wina anandiitana kuti ndikaone chimanga chake chimene chinagwidwa ndi mbozi. Titachoka kumunda tinakhala pakhonde, ndipo ndinaona mayi a pakhomopo akukonza bowa wodzaza lichero. Anali bowa woyera, wamkulu ngati mbale ya ndiwo, wochititsa kaso ndithu.

"Mayi, bowa ameneyu mwazula kuti?" ndinafunsa.

"Abwera naye ndi anawa, achimwene. Akuti wangoti mbwee kuseri kwa khola la ng'ombe. Kodi si utale ameneyu?"

Ndinapempha kuti ndimuone. Ana aja anali atadula miyendo yonse ndi mpeni, motero za kunsi kwake sindikanatha kuzidziwa. Ndinasankha wokhwima kwambiri ndi kumutembenuza. Pansi pa chipewa chake panali pobiriwira motuwa, ngati nkhungu ya pa mkute. Ndinawauza kuti asaphike. Mayiwo nkhope inagwa, pakuti ndiwo zina panalibe tsiku limenelo. Apo m'pamene mwana wina anati anzake a khomo loyandikana nalo anazula malo omwewo m'mawa. Tinamutuma kuti athamange akawachenjeze, koma anakapeza atasamba kale m'manja. Dzuwa lisanalowe, bambo wa pakhomopo ndi ana awiri anali pa njinga kupita ku chipatala, akusanza ndi kutsekula m'mimba.

Zimene ndinaona tsiku limenelo ndizo zandichititsa kulemba nkhani ino. Mfundo yanga ndi imodzi. Bowa amadziwika ndi zinthu zitatu pamodzi: dzina lake, malo amene wamera, ndi thupi lake lonse kuyambira pa chipewa mpaka kunsi kumene kunali m'dothi. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, musiyeni.

Thupi la bowa

Chimene timazula chija ndi chipatso chabe. Mwini wake amakhala pansi chaka chonse. Ndi ulusi woyera wopyapyala umene umayanga m'dothi, m'chikuni chowola kapena m'chulu. Mvula ikagwa, ulusiwo umatulutsa chipatso kuti chifese mbewu.

Mukatembenuza bowa wambiri amene timadya, pansi pa chipewa mumaona timizere topyapyala tochoka pa mwendo kukafika m'mphepete, tokhala ngati nthiti za ambulera. M'nkhani ino ndizititchula kuti tinthiti. Pa tinthiti timeneti ndi pamene pamapangidwa mbewu za bowa, zomwe ndi fumbi losaoneka ndi maso likakhala lochepa. Ulipo bowa wina amene m'malo mwa tinthiti ali ndi timabowo ngati siponji, koma lero tikukamba za wa tinthiti, chifukwa m'gulu limeneli ndimo muli wokoma kwambiri, ndimonso muli wakupha kwambiri.

Pofuna kumudziwa bowa, yang'anani zinthu zisanu izi. Choyamba ndi chipewa: mtundu wake, ngati chili choterera, cha mamba kapena cha timadontho. Chachiwiri ndi tinthiti: mtundu wake pa bowa wamng'ono ndi pa wokhwima, komanso ngati tikutsetsereka ndi mwendo kapena tikulekeza tisanaukhudze. Chachitatu ndi mphete, kansalu kamene kamatsalira kozungulira mwendo chipewa chikatambasuka. Chachinayi ndi kunsi kwa mwendo: kodi kuli kathumba, kuli chotupa, kapena kuli muzu wautali? Chachisanu ndi mtundu wa fumbi lake.

Fumbili mutha kuliona nokha. Dulani chipewa cha bowa wokhwima, muchivundikire pa pepala loyera, mbali ina ya chipewacho ikhale pa pepala lakuda kapena pa pulasitiki wakuda. Vundikirani ndi mbale, musiye usiku wonse. M'mawa mudzapeza chithunzi cha tinthiti tonse chitajambulika ndi fumbi. Mtundu wa fumbi limeneli susintha pa bowa wa mtundu umodzi, ndipo akatswiri amaudalira kwambiri.

Dziwaninso kuti bowa samera paliponse mwachisawawa. Wina amakhala ndi chiswe, wina amakhala pa mizu ya mitengo yamoyo, ndipo wina amadya zowola monga ndowe, udzu ndi zikuni. N'chifukwa chake funso loti "wamera pati" lili lofunika ngati funso loti "akuoneka bwanji".

Bowa wa pachulu

Utale, manda ndi abale awo akatswiri amawaika m'banja limodzi lotchedwa Termitomyces. Bowa ameneyu amalimidwa ndi chiswe. Chiswe chimatafuna udzu ndi zikuni n'kuumba zisa mkati mwa chulu, ulusi wa bowa umamera pa zisazo ndi kuzifewetsa, kenaka chiswe chimadya. Popanda chiswe bowayu sakhala, ndipo ndicho chifukwa chake kumulima kuli kovuta kwambiri. Amene timadya ndi wozula kutchire.

Chizindikiro chake chachikulu chili pansi. Poti amachokera pa zisa za chiswe, mwendo wake umapitirira kulowa m'dothi ngati muzu wautali wosongoka, nthawi zina kupyola theka la mita. Mitundu yambiri ili ndi kansonga kolimba pakati pa chipewa, kamene bowayo amaboolera dothi potuluka. Tinthiti take ndi toyera, ndipo fumbi lake limakhala loyera mofiirira pang'ono. Mitundu ina ili ndi mphete, ina ilibe. Kumbukirani kuti chisa cha chiswe chitha kukhala pansi popanda chulu choonekera, choncho bowayu amapezekanso pakati pa munda. Koma muzu uja sulephera kukhalapo pa mitundu ikuluikulu.

Manda yekha ndiye alibe muzu wotere. Ndi tibowa ting'onoting'ono, tachipewa chonga ndalama yachitsulo kapena kucheperapo, timene timamera mazanamazana pa dothi limene chiswe chatulutsa kunja.

M'banja lomweli muli bowa wodyedwa wamkulu kuposa onse pa dziko lapansi, amene anzathu a ku Zambia amati chikolowa. Chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a sayansi anamulemba m'mabuku awo mu 1980, pamene David Pegler ndi Graham Piearce anamupatsa dzina loti Termitomyces titanicus, chonsecho anthu akumudzi anakhala akumudya kuyambira kalekale.

Mitundu ya banja limeneli imadyedwa. Vuto lake ndi lakuti ali ndi wofanana naye wakupweteka, yemwe ndimufotokoza kutsogoloku. Chenjezo lina ndi ili: ngati munathira mankhwala ophera chiswe pa chulu, musadye bowa wa pamenepo.

Bowa wa m'nkhalango zachilengedwe

M'nkhalango za mombo, mchenga, tsamba ndi msuku ndimo mumachokera bowa wambiri wa pamsika. Ulusi wake umakuta timizu ta mitengo imeneyi. Bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengo nawo umapatsa bowa shuga amene masamba apanga. Mukadula mtengowo mwaphanso bowa.

Ndelema, amene ena amati utenga, ku Zambia amati tente ndipo ku Zimbabwe amati nhedzi. Amatuluka m'dothi ngati dzira. Dziralo likasweka, chikopa chake chimatsalira kunsi ngati kathumba kakakulu kakuda motuwa. Chipewa ndi choterera, choyera m'mbali koma chodera pakati, ndipo m'mphepete mwake muli timizere. Tinthiti ndi toyera, mphete ilipo. Sungani bwino mafotokozedwe amenewa, pakuti ndelema ndi wa banja la Amanita, ndipo m'banja lomweli ndimo muli bowa amene wapha anthu ambiri kuposa wina aliyense. Mulinso abale ake ena odyedwa a chipewa chofiira kapena chachikasu, amenenso amatuluka m'kathumba.

Manyame ndi uja wachikasu, wa mtundu wa lalanje kapena wofiira, wokhala ngati fanulo. Akatswiri amati Cantharellus. Tinthiti take si tenitenti: ndi makwinya okhuthala, opanga mphanda, otsetsereka ndi mwendo, ndipo simungatichotse popanda kung'amba mnofu. Alibe mphete, alibe kathumba. Amamera pa dothi pafupi ndi mitengo. Mukaona wofanana naye atamera mulu pa chitsa kapena pa chikuni, si iyeyo, musiyeni. Abale a manyame ku Ulaya amagulidwa pa mtengo wokwera.

Chipindi ndi anzake a banja la Russula amadziwika ndi kuphwanyika. Mwendo wake umathyoka ngati choko, sung'ambika ulusiulusi. Kungulukwetiti ndi anzake ali chimodzimodzi, koma iwo mukawatema amatulutsa utomoni wonga mkaka. M'magulu awiriwa muli ena owawa ngati tsabola, amene amayi odziwa amayamba awawiritsa ndi kutaya madzi, ndiponso ena amene sawazula konse.

Apa ndichenjezepo za maina. Dzina limodzi litha kutanthauza mitundu iwiri kapena itatu, ndipo bowa mmodzi atha kukhala ndi dzina lina ku Mzimba, lina ku Dedza, lina ku Mulanje. Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa m'Malawi lomwe linatuluka mu 1987, anapeza kuti akatswiri enieni a bowa m'dziko muno ndi amayi akumudzi, ndipo kuti bowa aliyense wosadyedwa amangomutcha chirombo. Ine ndinaphunzira maina a Chilatini ku koleji, koma amene anandiphunzitsa kuzula bowa ndi azakhali anga. Lamulo lawo linali loti amene alibe dzina salowa m'dengu. Nzeru imeneyi yasunga mibadwo. Koma imagwira ntchito m'nkhalango imene munthu anakuliramo. Malo akasintha, mitengo ikasintha, nzeru ija imafunika kuyambiranso.

Bowa woopsa

Woyamba ndi uja ndinamupeza pakhonde paja, amene akatswiri amati Chlorophyllum molybdites. Amakonda malo a chonde chambiri: pafupi ndi khola, pa dzala, pa kapinga wa pasukulu, pa msipu. Nthawi zambiri amamera mozungulira ngati bwalo. Chipewa chake ndi chachikulu, choyera, cha mamba odera, ndipo pa mwendo pali mphete yokhuthala. Akali wamng'ono tinthiti take ndi toyera mbee, ndipo apa m'pamene anthu amanyengedwa. Akakhwima timasanduka tobiriwira motuwa, fumbi lakenso ndi lobiriwira. Muzu wautali alibe; mwendo wake umathera pa kachotupa pamwamba pomwe pa dothi. Munthu akamudya, pakapita ola limodzi mpaka atatu amayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba kwambiri, mwina ndi magazi omwe. Akuluakulu ambiri amachira pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma mwana wamng'ono kapena nkhalamba atha kutha madzi m'thupi mpaka zinthu kufika poipa.

Wachiwiri ndiye wakupha weniweni, Amanita phalloides. Kwawo ndi ku Ulaya, koma anafalikira m'maiko ena pamodzi ndi mbande za mitengo yachilendo monga oki ndi paini, ndipo ku South Africa ndi ku Zimbabwe alipo. Naye amatuluka ngati dzira, ali ndi kathumba kunsi, mphete pa mwendo ndi tinthiti toyera, ngati ndelema. Chipewa chake chimakhala chobiriwira mwachikasu, nthawi zina chotuwa mpaka kuyera, ndipo m'mphepete mwake mulibe timizere tija. Theka la chipewa chimodzi ndi lokwanira kupha munthu wamkulu. Mwa anthu khumi alionse amene amafa ndi bowa pa dziko lonse, pafupifupi asanu ndi anayi amafa ndi poizoni wa mtundu umene uli mwa iyeyu.

Abale athu ambiri ali ku South Africa, ndipo ena amagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'mafamu momwe muli mitengo yotere. Auzeni kuti bowa wa kumeneko si wa kwathu, ngakhale afanane bwanji. Zoterezi zinachitikapo ku Germany mu 2015, pamene anthu oposa 30, ambiri mwa iwo othawa nkhondo ku Syria, anadwala m'masiku ochepa atadya bowa ameneyu poganiza kuti ndi amene amadya kwawo.

Poizoni wake amagwira ntchito mobisa. Akalowa m'magazi amapita ku chiwindi, kumene amaletsa timagawo ta chiwindi kudzikonza, motero timayamba kufa. Kwa maola 6 mpaka 24 munthu samva kanthu. Kenaka amayamba kusanza ndi kutsekula madzi okhaokha kwa tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pake amaoneka ngati wachira, mwina n'kupempha phala. Apa ndi pamene mabanja amanyengedwa n'kuleka kupita ku chipatala. Pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amachita chikasu, magazi amatuluka osaleka, mutu umasokonezeka. Zikafika apa, m'maiko olemera amamuika munthu chiwindi china, chithandizo chimene kuno kwathu kulibe.

Poizoni yemweyu amapezekanso m'tibowa tina todera timene timamera pa zikuni zowola, ndi m'tibowa tina ting'onoting'ono ta mamba ndi mphete, tooneka ngati tiambulera, timene timamera m'minda ya maluwa. Choncho tibowa ting'onoting'ono tosadziwika tisiyeni tonse.

Wachitatu ndi Amanita muscaria, wa chipewa chofiira cha timadontho toyera. Iyenso ndi mlendo amene anafika m'maiko ano ndi mitengo ya paini. Mvula yamphamvu imatsuka timadontho tija, ndiye amatsala wofiira bwino ngati abale a ndelema odyedwa aja. Ku mapiri a kum'mwera kwa Tanzania anthu akhala akudwala naye mwa njira imeneyi. Kunsi kwake kulibe kathumba kotseguka, kuli chotupa cha mizere ya njerewere. Womudya amayamba kuchita ngati woledzera pasanathe maola awiri, amabwebweta, amanjenjemera, kenaka amagona tulo tofa nato. Sakonda kupha, koma kwa ana ndi woopsa. Inu amene mumakhala pafupi ndi minda ya paini ya ku Chikangawa, Zomba ndi Dedza, dziwani kuti bowa wa pansi pa paini kapena bulugamu si wa pansi pa msuku. Musamupatse dzina la kwanu chifukwa choti wafanana.

Zikhulupiriro zimene zimapha

M'maulendo anga ndimamva njira zambiri zoyesera bowa. Ndinene mosabisa kuti palibe ndi imodzi yomwe imene ili yoona.

Ena amati bowa wodyedwa ndi mphutsi, nkhono kapena anyani ndi wabwino. Thupi la nkhono si thupi la munthu. Nkhono zimadya bwinobwino bowa wakupha uja.

Ena amati mukaponya supuni, ndalama kapena anyezi mu mphika, zimada ngati bowa ali woipa. Poizoni wa bowa sasintha mtundu wa chitsulo kapena wa anyezi.

Ena amayamba apatsa galu kapena nkhuku. Mwaona kale kuti poizoni woopsa uja amatenga maola ambiri asanaonekere. Galu adzayamba kudwala inu mutadya kale.

Ena amati woipa amawawa kapena amanunkha. Anthu amene anapulumuka atadya Amanita phalloides amanena kuti ndiwozo zinali zokoma.

Ena amati kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuthira chidulo kapena soda, kapena kufutsa kumachotsa poizoni. Kuwiritsa kumachotsa kuwawa kwa mitundu ina yodziwika kale, koma poizoni wa chiwindi uja saphedwa ndi moto, dzuwa kapena mchere. Ku Australia mu 2023 anthu atatu anamwalira atadya nyama yophikidwa mu uvuni pamodzi ndi bowa ameneyu, ndipo khoti linapeza mu 2025 kuti anawaikira dala. Moto wa mu uvuni sunathandize kanthu.

Munthu akadwala atadya bowa

1. Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche.

2. Onse amene anadya nawo apite, ngakhale amene sakumva kanthu, makamaka ana ndi amayi oyembekezera.

3. Tengani bowa wotsala, wophika ndi wosaphika yemwe, ngakhale zotaya za pa dzala. Mukulunge m'pepala, osati m'jumbo.

4. Auzeni adokotala nthawi imene munadya ndi nthawi imene matenda anayamba. Ngati padutsa maola 6 kapena kuposa, nenani momveka bwino, pakuti chimenecho ndi chizindikiro cha poizoni wa chiwindi. Koma kudwala msanga sikutanthauza kuti mwapulumuka, chifukwa mu mphika umodzi mutha kukhala mitundu iwiri.

5. Panjira mpatseni wodwala madzi a Thanzi pang'onopang'ono ngati akutha kumeza. Musamupatse mowa, mankhwala azitsamba kapena Panado, chifukwa zimenezi zimalemetsa chiwindi chimene chavulala kale. Makala a pa mbaula si makala amene madokotala amapereka.

6. Wodwala akaoneka ngati wachira tsiku lachiwiri, musaumirire kuti atulutsidwe, ndipo ngati ali kunyumba bwererani naye akamuonenso.

Pozula, pogula ndi posunga

Pozula bowa, tengani kamtengo kosongoka mukumbe ndi kunsi komwe kuti muone ngati kuli muzu, kathumba kapena chotupa. Ena amaopa kuti kuzula kumatha bowa. Ku Switzerland akatswiri anayesa nkhaniyi m'nkhalango kwa zaka pafupifupi 30, ndipo zotsatira zake zomwe zinatuluka mu 2006 zinasonyeza kuti kuzula kapena kudula sikuchepetsa bowa wa zaka zotsatira. Chimene chinachepetsa ndi kupondaponda nthaka. Choncho zulani, kwirirani kadzenjeko, ndipo musiyeko okalamba kuti afese mbewu.

Musazule mazira a bowa amene sanatseguke pamalo achilendo, chifukwa zizindikiro zake zimakhala zisanaoneke. Musasakanize mitundu m'dengu limodzi. Ana asapite okha, ndipo chilichonse chimene abwera nacho chionedwe chimodzichimodzi ndi munthu wamkulu wodziwa. Ngati mwasamukira dera lina, kaya pa ukwati, pa ntchito kapena pa utenanti wa fodya, yambani mwayenda ndi eni dera dzinja lathunthu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Inu ogula pa msika, gulani kwa munthu amene mumamudziwa ndipo mufunseni dzina la bowayo ndi kumene wazula. Wogulitsa weniweni sakwiya ndi funso lotere. Pewani bowa wodulidwadulidwa, wosakaniza, kapena wofutsa amene simukudziwa kochokera. Inunso ogulitsa, mulu umodzi woipa utha kupha munthu ndi kupha msika wa mudzi wonse.

Bowa wabwinonso amadwalitsa akawola. Magawo pafupifupi 90 mwa 100 a bowa ndi madzi, ndipo mukamutsekera m'jumbo padzuwa amayamba kuola tsiku lomwelo. Nyamulirani m'dengu kapena m'lichero, phikani tsiku lomwe mwazula, ndipo apse bwino. Bowa wakutchire sadyedwa wosapsa. Wotsala mufutse monga mwa nthawi zonse: muwiritse pang'ono ndi mchere, muyanike pa thandala mpaka aume gwa, kenaka musunge m'chikwatu pamalo ouma, mtundu uliwonse pawokha. Bowa wouma ali ndi chakudya chomanga thupi chochuluka, ndipo wotendera ndi nsinjiro m'mwezi wa Okutobala aliyense amamudziwa kukoma kwake.

Amene mukufuna bowa wopanda nkhawa chaka chonse, ganizirani zolima wa oyisitala. Amamera pa mapesi a chimanga odulidwa ndi kuwiritsidwa, oikidwa m'majumbo m'kanyumba ka udzu kozizira, ndipo amayamba kukololedwa pakangotha mwezi umodzi ndi masabata ochepa. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kumene mungapeze mbewu yodalirika. Za kalimidwe kake tidzakambirana tsiku lina pa tsamba lino.

Mawu otsiriza

Pali chinthu chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa. Nkhalango za mombo ndi msuku zikutha ndi makala. Zikatha, ndelema, manyame ndi chipindi amapita nazo, ndipo ana amakula osawadziwa. Chimene chimatsala pafupi ndi mudzi ndi bowa wa kukhola, wa pa dzala ndi wa pansi pa mitengo yachilendo, yemwe makolo athu analibe naye dzina. Ana a pakhomo paja sanalakwe dala. Nkhalango imene agogo awo ankazulamo utale ndi ndelema lero ndi minda, ndipo palibe amene anayendapo nawo kutchire kuwasonyeza muzu wa utale. Choncho mukasiya misuku ingapo m'malire a munda, ndi chulu chimodzi chosathira mankhwala, mwasunga ndiwo ndiponso mwasunga sukulu ya ana anu.

Bambo uja ndi ana ake anatuluka m'chipatala patatha masiku awiri. Anachita mwayi kuti anakumana ndi wobiriwira uja, osati wa chiwindi. Nditapitako ulendo wina, ndinapeza mayi aja atatenga ana a makomo onse awiri kupita nawo pa chulu cha kumunda, khasu lili pa phewa, kuti akaone okha kutalika kwa muzu wa utale. Inunso chitani chimodzimodzi mvula ya chaka chino isanathe. Ndipo mukakayika, tayani. Kugona ndi nsima ya mchere usiku umodzi sikunaphepo munthu.